Mafumu Ochotsedwawo ndi Ati?

Lamulungu, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Tapemphera pansi pa mango kwa mai Rosa, chifukwa tchalitchi chathu anachisandutsa nkhokwe ya chimanga cha koperativa. Ine monga katekista ndawerenga mawu a mneneri, akuti Mulungu ndiye amaika mafumu pampando, ndiyenso amawachotsa. Mawu omwewa ndinawerenga chaka chimene Apwitikizi ananyamuka. Tsiku limenelo amayi analulutira mpaka kusasa mawu, alamu anga a Jaime akuvina kutsogolo. Lero aliyense wangowerama.

Madzulo ano a Jaime abwera panjinga. Tsopano ndi sekeretariyo wa chipani kuno ku Mongue. Ndawapatsa mpando kuti akhale, akana.

"Alamu, mafumu ochotsedwawo ndi ati?" andifunsa.

"Atsamunda, kamarada," ndayankha, kuwatchula mwachipani.

"Ndimaganiza choncho. Mlongo wanga asasanduke wamasiye chifukwa cha pakamwa panu."

Ndanama ine. Mneneri sanasankhe mbendera. Amene anaweruza Apwitikizi adzaweruzanso atsogoleri athuwa, ndi a kutsidya kwa mtsinje wa Ruo komwe mkazi wanga akuti tithawire. Zimenezo sizikundiwopsa kwenikweni. Chikundidya n'chakuti woweruza mitundu yemweyo wandimva ndikumubisa pakhomo panga, pamaso pa munthu amene ndinamuphunzitsa katekisimu ndekha.

Lamulungu likubwerali wowerenga ndine ndemwe. Ndaika kaudzu pa tsamba lomwe lija la mneneri, koma kaya manja awa akatsegula pamenepo...