Mzere Wachikasu Pamsewu Pathu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Mwendo uja wasiya kutupa? Ife kuno tilipo, mpongozi wanu ali bwino, ndipo mdzukulu wanu wayamba kuyenda. Nkhani yake ndi imene yandilembetsa.

Paja ndimasoka nsapato m'mbali mwa msewu, ndipo tinkakhalira kuthamangitsidwa ndi akhonsolo. Chaka chatha kunabwera anthu a ku yunivesite, ati akufufuza za ufulu wa malonda. Anajambula mzere wachikasu kudula msewu wathu pakati, n'kuchita maere: akumtunda azigulitsa mwaufulu, akumunsi azithamangitsidwa monga kale. Ati aone ngati munthu wosathamangitsidwa amatukuka. Ine ndinagwera kumtunda.

Kunena zoona, ntchito inayenda. Ndinakhoma kabenchi, ndinasiya kusoka maso ali kumsewu. Koma Amayi, bata lake si labwino. Galimoto ya khonsolo imanyamula anzathu akumunsi ife tikuona, ikafika pamzere n'kubwerera. Kumunsiko tsopano kuli zii, kwatsala miyala imene ankakhalira. Mnzanga wogulitsa maambulera amaseka, ati ndife nkhuku zonenepetsedwa, tsiku la mpeni lokha ndi limene sanatiuze.

Mwa ofufuzawo muli mayi wina, timamutcha Amagalasi. Amakhala pampando tsidya lina la msewu, sagula kanthu, amangoyang'ana. Mdzukulu wanuyu, popanda womuphunzitsa, akafika pamzere amaima ngati pali khoma. Ngakhale kampira kake kagubuduzikire uko, saoloka. Amagalasi ataona zimenezi anasangalala. Anandiuza kuti ife akuluakulu mantha anatiwononga kale, amene akumufuna ndi wobadwira mu ufulu, ndipo adzamutsatira mpaka adzakule. Kenaka anamuitana ndi dzina lija munamupatsa inu, limene kuno sitilitchula. Mayi ake akulumbira kuti sanauzepo munthu. Mwana anatembenuka.

Ndinafunsa kuti kafukufukuyu atha liti. Anati gawo loyamba latha, latsala loona zimene munthu amachita ufulu ukachotsedwa.

Lolemba tinapeza mzere wakale wafufutidwa, ajambula wina, penti yosauma. Wadutsa pakati pa benchi langa ndi pamthunzi pamene mwana amakhala ndi mayi ake. Ine ndagwera kumunsi, iwo kumtunda. Ndinamutambasulira manja, ndinamuonetsa ndi switi yomwe. Anafika pamzere n'kuima, kundiyang'ana ngati mlendo. Amagalasi anali atasendeza kale mpando wawo kufupi.

"Musamunyamule, bambo," anatero, "tione achita bwanji."

Ndinamunyamula. Anakuwa ngati wagwidwa ndi wakuba, ndipo mpaka lero akandiona amabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Pempho langa ndi limodzi. Tumizani mchemwali wanga adzamutenge sabata ino, mayi ake avomera ngakhale akulira. Za ine musadandaule, kuthamanga ndinazolowera, benchi ndisiya, zida ndibwezera m'thumba. Mchemwaliyo asabwere kumsewu, afikire kunyumba, ndipo m'basi asamacheze ndi aliyense za mwana.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa achimwene. Achimwenewo muwauze kuti nsapato zawo zija ndinasoka, abwera nazo mchemwali.

Mwana akafika mumupatse dzina lina. Musandiuze ngakhale ine.

Tsalani bwino,
Ine mwana wanu