Dzanja Limene Linakiya Mjigo

Lachinayi, 3 Okutobala

Ndine Laston Nkhoma, zaka 79, kuno ku Mufakose. Sukulu sindinaipondeko. Malembawa anandiphunzitsa anzanga a yuniyoni ku Southerton ndili kale ndi ana atatu, ndiye ndimalemba ngati nkhalamba yokwera basi, phazi limodzi kaye.

Mtima ukundiwawa. Mipopi yauma sabata yachitatu. Mjigo wathu wa mu laini, chibhorani monga amanenera ana, komiti inaupachika loko mwezi watha, ati tikungoyesa. Eni nyumba atunge m'mawa, maloja, anthu a lendi, atunge masana, 5 koloko loko pha! Magret, loja wa kuseri kwa a Clemence apampando, amalawirira kufakitale ku Msasa, pobwera apeza patsekedwa. Ana ake lero apita kusukulu osasamba. Kodi ludzu limafunsa mapepala a nyumba?

Lachisanu, 4 Okutobala

Mawa msonkhano. Mawu ndakonza. Ine sindinanenepo kuti wolemera alandidwe shopu yake, ayi. Akhale nayo, alipire msonkho. Koma madzi, kiliniki ndi sukulu n'za aliyense amene akupuma. Ndipo zinthu zizisintha ndi manja okwezedwa, osati miyala. Kufakitale tinkatero, ndipo magolovesi tinawapeza osaphwanya windo ngakhale limodzi.

Loweruka, 5 Okutobala

Tapambana!

Tinakhala pabwalo la tchalitchi. Maloja anawauza aime kunja kwa mpanda, ati alibe voti. Ndinaimirira, ndinanena zonse, ndi za mpandawo zomwe. Wina kumbuyo ati, "Achimwene atsegula Palamenti!" Aseke. A Clemence ati, "Pfupisai, sekuru," kutanthauza kuti dulani, agogo. Sindinadule.

Povota a Clemence anali mbali ya khutu langa lakumanzere, lomwe makina anadya kalekale. Koma ndinamva bwino mawu aChishona akuti "tirambe", tikane. Dzanja langa linayamba ndilo kukwera, mpaka phewa kulira. Manja 14, enawo 13. A Clemence anabwera kudzandigwira chanza akumwetulira. Ndati kodi, munthu akagonja azitero.

Lamulungu, 6 Okutobala

Loko akadali pomwepo.

Ndafunsa Fadzai, mpongozi wanga, kuti bwanji a komiti sanachotse. Ati, "Baba, simukudziwadi?" Ati a Clemence anati "tirambe tichikiya", tipitirize kukiya. Ine ndinagwira mutu wa mawu, mchira unandipulumuka.

Ndinabadwira papulazi ku Mazowe, Chishona ndinayamwa pamodzi ndi Chichewa cha bambo anga a ku Dedza. Ndikudziwa kuti "kuramba" ndi kukana, komanso ndi kupitiriza. Mawu amodzi, nkhope ziwiri, ngati foromani. Ndiye andigwetse ine lero?

Dzanja la 14 linali langa.

Lolemba, 7 Okutobala

Sindinatuluke. Tiyi wazizira m'kapu.

Lachiwiri, 8 Okutobala

A Clemence abwera ndi kiyi pachingwe chofiira. Ati komiti yaona kuti ndine mkulu wodziwa kusintha maganizo, ndizisunga ndine. Ndawauza kuti sindinamve bwino. Aseka mpaka kugwira geti. Ati, "Sekuru, voti ndi voti. Si inu mumati manja alemekezedwe?"

Mawu anga omwe andimenya nawo pakamwa. Kiyi ndalandira.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndinadikira Magret pakona akutsika kombi. Sanafune kundiyang'ana. Ndamufotokozera za khutu. Ndati, mwana wanga, kiyi ndi uyu, uzibwera m'mamawa anthu asanadzuke, ndizikutsegulira mwakachetechete.

Ati, "Bambo Nkhoma, ndizibwera ngati wakuba kudzatunga madzi a Mulungu?"

Ndati ayi, ndikungothandiza.

Ati, "Nanga tsiku limene mudzagone kuchipatala, ana anga adzamwa chifundo chanu? Nanga mai Tanatswa, nanga maloja enawo, onse muziwanong'oneza?" Kenaka ati, "Tinali kunja kwa mpanda anthu oposa makumi atatu. Tonse tinamva bwinobwino zimene ananena a Clemence. Makutu tinali nawo ndife, dzanja munali nalo ndinu."

Wanyamula chikwama chake, wapita.

Ndakhala pakhonde mpaka Fadzai kundiitana kawiri. Zaka zingati ine ndinayenda ndi chitupa cholembedwa kuti mlendo, m'dziko limene mchombo wanga unagwera? Anzanga pamzere wovota, ine kuonerera patsidya pa msewu. Loweruka ndinadandaula za mpandawo, inde, koma ndinakhalabe pabenchi m'kati mwake. Ndinayenera kutuluka.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndayenda nyumba ndi nyumba ndi ndodo yanga. Ena andipatsa mpando, ena andilankhulira pawindo. Mai wina ati maloja amaswa mjigo chifukwa si wawo. Ndati apatseni ukhale wawo, muone ngati auswe. Bambo wina ati, "Izi ndi ndale, mudhara." Ndati inde, ndi ndale. Madzi akakhala ndi kiyi ndi ndale basi.

Eni nyumba asanu ndi anayi asayina pepala langa lopempha msonkhano wina. Magret atamva za pepalalo, mbali ya maloja wayenda yekha ataweruka. Wabweretsa mapepala awiri odzaza kuseri ndi kuseri. Sanakhale pansi, koma wati, "Mugone bwino, bambo."

Lachisanu, 11 Okutobala

Kalata yanditengera m'mawa wonse. Fadzai amafuna andilembere pafoni, ndakana. Ndaiika mu envelopu pamodzi ndi mayina ndi kiyi, ndakapereka ndekha m'manja mwa a Clemence, anthu a pamzere wa mjigo akuona. Ndiikopere muno:

"A Clemence ndi komiti. Voti ya Loweruka sindikuitsutsa, dzanja linali langa. Koma kiyi wanu nayu, sindisunga. Tikupempha msonkhano wina, aliyense womwa madzi amenewa alowe m'kati ndipo dzanja lake liwerengedwe. Funso lilembedwe pabolodi, m'Chishona ndi m'Chichewa. Mukakana, ine ndidzaima kunja kwa mpanda, ndipo chigubu changa kuyambira lero chili pamzere wa masana. Mundiyankhe polemba, chonde, osati pakamwa."