Magazi a goloboyi wathu

Gulu: timu ya Mphaka (Mayi, Bambo, Malume)

Lachinayi

[08:12] Mayi: bambo a Mphaka mwafika? muyambe ku lab akamutenge magazi, kwa dr mupite results zikatuluka

[08:13] Bambo: tafika kalekale madam. mwanayu ndi wanganso

[08:13] Mayi: zaka 9 check up ya chiwindi mwapita naye kangati?

[08:15] Bambo: network ikuvuta kuno

[08:15] Malume: kkkkk alamu

[08:16] Malume: koma plz asamupope magazi ambiri. Loweruka ndi fainolo ya ma under 10 ndipo kochi wake ndine, goloboyi wina wodalirika ndilibe

[08:17] Mayi: ndi timabotolo titatu iwe, si ndowa

[08:34] Bambo: zatheka. sanalire olo pang'ono. wauza nesi kuti abaye kumanzere coz dzanja lamanja ndi la ma penalty

[08:34] Bambo: amene anatsinzina ndine

[08:36] Mayi: pa results muyang'ane ziwiri, bilirubin ndi platelets. ndayamba kuluka customer, manja ali m'tsitsi mpaka masana, osandiimbira

[11:47] Bambo: [chithunzi]

[11:47] Bambo: ZATULUKA

[11:48] Bambo: bilirubin yatsika. ma platelets nawo atsika kwambiri kuposa ulendo watha. zonse pansi

[11:48] Malume: clean sheet alamu!!

[11:50] Bambo: ndamuuza kale kuti Loweruka ali pagolo. tikachoka kwa dr tikagula magolovesi atsopano

[11:51] Malume: a mpira plz, osati a m'munda aja munamugulira chaka chatha

[11:51] Bambo: anali ndi grip amene aja

[11:53] Bambo: mayi a Mphaka onani mmene timayendetsera zinthu azibambo

[12:25] Bambo: mayi a Mphaka?

[12:26] Malume: asiyeni achemwali, nsanje

[13:04] Mayi: [missed call]

[13:05] Mayi: [missed call]

[13:05] Mayi: yankhani foni

[13:06] Bambo: tili pa line ya dr, pali chikwangwani choletsa. bwa?

[13:09] Mayi: [voice note 0:54] Tamverani bwino, ndatuluka panja kuti customer asamve. Bilirubin ndi ija ya chikasu. Ikatsika timavina, eya, ndiye kuti ndulu ikuyenda m'njira imene anamulumikizira pa opaleshoni ali khanda. Koma ma platelets akatsika si chigoli chathu, tamwa ndife. Adokotala anati chiwindi chikamalimba ndi zipsera magazi sadutsa bwino, kapamba amatupa n'kumasunga ma platelets aja. Kapamba wotupayo akamenyedwa ndi mpira akhoza kung'ambika. Ndinakuuzani zimenezi inu, maso ali pa TV mukungoti mmh mmh. Ndiye mwamulonjeza chani mwana?

[13:14] Mayi: ndaona kuti mwamvera

[13:15] Bambo: ndimayesa zonse zimafunika zizitsika

[13:15] Mayi: malipiro anu akatsika mumavinanso?

[13:17] Malume: achemwali pepani. nanga titamumanga pilo pamimba? mkati mwa jersey, referee sangaone

[13:17] Mayi: iwe ndikubwera ndi chipeso chotentha

[13:18] Malume: ndangofunsa

[13:18] Malume: reserve wanga ndi Ndodo. mpira ukamabwera amauzinda ngati njuchi

[13:20] Mayi: mwina ndikuthamanga magazi pachabe. tiyeni timve dr. muwafunse za kapamba, musangogwedeza mutu

[13:21] Bambo: atiitana

[13:58] Bambo: amupapasa pamimba kumanzere, akuti tipite ku scan

[13:58] Mayi: nkhope yawo inali bwanji?

[13:59] Bambo: ya udokotala

[13:59] Mayi: bambo a Mphaka

[14:00] Bambo: anasiya kuseka

[14:01] Bambo: mwini wake alibe nazo ntchito, akuwerengera nesi ma penalty amene wagwira season ino. wawonjezerapo awiri

[14:02] Malume: mphwanga weniweni

[14:50] Mayi: ndiye?

[15:10] Mayi: customer ndamuluka mzere wokhota ndamasulanso. lankhulani

[15:22] Bambo: [voice note 0:47] Eee. Ndiye... kapamba watupadi. Akuti tisanjenjemere, chiwindi chikugwirabe ntchito, bilirubin ija ndi nkhani yabwino ndithu, pamenepo sindinaname. Koma magazi tizibwera kudzayezetsa pafupipafupi, ndipo mwezi wamawa amulowetsa kamera kukhosi aone mitsempha. Kuthamanga athamange, kusambira asambire. Pagolo akuti ayi. Ndafunsa kuti olo game imodzi yokha, andiyang'ana ngati mmene mumandiyang'anira inu.

[15:23] Mayi: wamva?

[15:24] Bambo: ayi, ndinamutulutsa akakhale pa benchi mu corridor dr asanayambe

[15:24] Mayi: muuzeni

[15:26] Bambo: sindingathe. ndine ndinamuuza kuti akusewera, analumpha mpaka kugwetsa file ya munthu

[15:26] Bambo: tikamuuzire limodzi kunyumba plz

[15:29] Malume: season yonse mwana sanajombe training olo kamodzi

[15:30] Mayi: ineyo zandiwawa, musaone ngati ndine mwala. koma mpira ulipo wambiri, mwana ndili naye mmodzi

[15:41] Bambo: tili m'galimoto. akufunsa za magolovesi

[15:41] Mayi: musagule

[15:42] Bambo: ndinalonjeza

[15:42] Mayi: mukagula ndiye mwamunamiza kawiri

[15:55] Mayi: bambo a Mphaka musagule

[16:08] Mayi: ??

[16:19] Bambo: malume ndine Mphaka

[16:19] Bambo: adad atuluka akuti akukayang'ana tayala. tayala lili bhobho. ali kuseri kwa galimoto akupukuta m'maso akuti chimfine

[16:20] Bambo: chitseko cha dr sichitsekeka bwino ndinamva zonse

[16:21] Bambo: ku shop ndawauza kuti size yanga kulibe. inalipo

[16:22] Bambo: muyike Ndodo. koma mumuuze asamabwerere m'mbuyo pa corner azituluka. ndidzaima kuseri kwa golo ndizimukuwira

[16:23] Bambo: amayi ndikudziwa mukuwerenga. ndikalira kunyumba, pano ayi coz adad angayambirenso kulira

[16:23] Bambo: musayankhe ndifufuta izi pa foni yawo. akubwera

[16:37] Bambo: mayi a Mphaka mwayi wake size yake kunalibe, sitinagule

[16:38] Bambo: sakudziwa chilichonse mwanayu, akuimba nyimbo za pa wailesi

[16:38] Bambo: ndiyamba ndine kulankhula. koma mukhale pafupi

[16:46] Mayi: yendetsani bwino. mundipeza pakhomo