Loweruka la Chinkhoswe Ndili pa Chesi

Mtendere, Lusaka
14 Julaye 2024

Okondedwa mlongo wanga Towera,

Ndikhulupirira kuti ku Chipata nonse mwadzuka bwino. Kuno tili bwino, kuzizira kokha. Akulemba ndi alamu ako, amake Jordan, koma mawu onse ndi anga, ndipo ndawachenjeza kuti asawonjezemo awo.

Mlongo wanga, sekera nane! Dzina langa lalowa pa mpikisano wa chesi wa madala ku Matero. Ine amene, Fanwell! Paja pa nsolo panalibe wondigwetsa, ndiye nditaona chesi pamsika ndinati kamasewera ka ana. Ba Wilbroad, telala wa pafupi ndi mabasi, anandikhazika pansi nandidya atangoyendetsa kanayi kokha. Msika wonse unaseka. Iwo amvekere, “Ba Fanwell, ivi si vamiyala. Yendani mukapumuleko!”

Sindinapume ayi. Pafoni pali masewera a akatswiri a m'mipikisano, olembedwa ndi tizilembo ndi manambala. Amake Jordan amawerenga, ine ndimayendetsa pabolodi mpaka dzanja lizolowere. Ndapeza kuti akatswiri sathamangira kutulutsa mfumukazi, pomwe Ba Wilbroad ndiyo njira yawo yokhayo: msilikali wa kutsogolo kwa mfumu, mfumukazi panja, bishopu pambuyo pake. Mankhwala ake ndawadziwa. Umatseka ndi msilikali, kenaka mahachi awiri amaipitikitsa mfumukaziyo ngati nkhuku yolowa m'sitolo! Poyeserera, alamu akowa ndiwo amakhala Ba Wilbroad. Anandidyapo kawiri, koma wailesi inali kusokosa.

Chondivuta n'chimodzi: kumpikisano salola kulankhula. Kudya munthu osamuuza kuti wadyedwa! Ndikuphunzira.

Tsopano nkhani ija. Unanditumizira mawu kuti akuchimuna abwera Loweruka pa 27 kudzamanga chinkhoswe cha mwana wako Karen, ndipo ine malume ake ndikakhalepo. Towera, mpikisano ndi tsiku lomwelo. Ndinapita kwa okonza kukawauza kuti asunthe, anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndikapanda kuoneka, Ba Wilbroad adzalengeza msika wonse kuti ndathawa, ndipo mpikisano wina wa madala ndi chaka chamawa. Maso angawa sindikudziwa ngati chaka chamawa adzasiyanitsabe bishopu ndi msilikali. Izi usauze munthu.

Mng'ono wathu Edwell akhale pampando wanga. Ndi wofatsa kwambiri, inde, koma mawu amawadziwa. Ndipo usakanamize alendo kuti ndadwala. Uwauze zoona, kuti malume ali ku mpikisano ku Lusaka. Lamulungu m'mawa ndikwera basi yoyamba, mnyamata wa Karenyo ndidzamuone ndi maso anga.

Moni kwa Edwell ndi ana onse. Kwa Karen ndilibe mawu okwana. Atamwalira bambo ake ndinamulonjeza kuti tsiku lakelo wolankhula ndidzakhala ine, ndipo mwana uja saiwala. Umuuze kuti malume ake... ayi, ndidzamuuza ndekha.

Ukaona kuti walira kwambiri, undiimbire pafoni ya alamu ako Lachisanu lisanafike, bolodi ndidzapinda, ndidzabwera. Koma Towera, mwana wa amayi anga, ngati n'kotheka usaimbe.

Ndine mlongo wako,
Fanwell Mwale