Kabotolo ka Bambo Kanatha Lachisanu

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Pafoni paja ndinangokuuzani kuti Bambo agonekedwa m'chipatala koma akupezako bwino. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Ndikamva mawu anu lilime limandilemera, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Mukudziwa kuti pepala la dokotala lotengera insulini wa Bambo limagwira ntchito miyezi itatu. Likatha, timayenera kupita ku kiliniki ya odwala shuga Lachinayi kuti akawayeze n'kulemba lina. Lachinayi lapitali linali tsiku lathu, ndipo sitinapite. Kuntchito kwathu kochapira zovala kunabwera mulu wa nsalu za pabedi za ku hotela, ndipo mwezi uno ndinali nditapempha kale kawiri kuchoka msanga. Abwana sanandikanize ayi. Sindinawapemphe n'komwe. Ndinaima pakhomo la ofesi yawo, ndinawaona atakwinya nkhope, ndinabwerera kukagwira simbi. Mmawa wa tsikulo ndinali nditatulutsa kabotolo m'filiji n'kukayang'ana pawindo, ndipo maso anga anandiuza kuti mankhwala afika sabata yamawa.

Lachisanu madzulo ndikukoka ndi jakisoni, munangotuluka timadontho ndi mpweya. Ndinakapendeketsa, ndinakagwedeza, osaphula kanthu. Bambo ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo aja okonzera mawotchi.

"Ukakafinya ngati ndimu mwina katulutsa," anatero akuseka.

Loweruka ndinalawirira ku kiliniki. Geti linali lokhoma. Mlonda anandiuza kuti a shuga amabwera mkati mwa sabata basi. Ndinayamba kuyenda m'mafamase nditanyamula pepala lakutha lija ndi kabotolo kopanda kanthu. Koyamba anati insulini sasunga chifukwa filiji yawo inafa. Kwachiwiri anali nawo, achemwali. Ndinauona ndi maso angawa, timabokosi titandandalikidwa kuseri kwa galasi, pafupi moti ndikanatha kutambasula dzanja. Mayi wogulitsayo anawerenga pepala, n'kuloza deti ndi chikhadabo.

"Ili linatha, mayi. Popanda pepala latsopano sindingakupatseni."

"Ndi mankhwala omwewa, onani kabotoloka. Dzina lawo lili pomwepa. Akhala akubaya zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndikukumvetsani. Koma mwini famase ino palibe, ndipo ine ndekha sindiloledwa. Chikachitika china, wothera m'mavuto ndine."

Sanali wamwano ayi. Anayesa kuimbira mwiniwakeyo katatu, foni osayankhidwa. Anaimbiranso nambala ya kiliniki yomwe inali papepala, inangolira. Ine ndinagwada pansi, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga. Sindikumbuka zomwe ndinanena. Mayiyo anatuluka kuseri kwa kauntala, anandidzutsa, nati, "Musataye nthawi ndi mafamase. Atengeni lero lomwe mupite nawo ku chipatala chachikulu, mbali ya odwala mwadzidzidzi. Kumeneko dokotala alipo tsiku lililonse."

Ndinathamangira kunyumba. Koma Bambo mukuwadziwa.

"Ndikakhale pabenchi tsiku lonse pakati pa anthu othyoka miyendo, chifukwa cha kabotolo? Lolemba ndi mkuja, mwana iwe. Ndingosiya kudya zotsekemera."

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Anangotenga wotchi ya munthu wina patebulo n'kuyamba kuitsegula ngati sakundimva. Munthu wamkulu sungamunyamule ngati thumba. Mayi a nyumba yoyandikana nafe, amenenso amabaya, anabwera ndi insulini wawo kuti tigawane. Nditayerekeza mabotolo, mayina ndi mitundu zinali zosiyana, wawo woyera mbee, wa Bambo wooneka ngati mkaka. Ndinaugwira m'manja nthawi yaitali. Ndinaopa kupha Bambo ndi dzanja langa, ndinawabwezera mayiwo. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Lamulungu anadzuka ndi ludzu loopsa. Ankamwa jagi yonse n'kupempha ina, kuchimbudzi osapuma. Pofika masana anayamba kusanza. Kamakina koyezera shuga kanasiya kuonetsa manambala, kanangosonyeza kuti wakwera kupitirira pomwe kamatha kuyeza. Ankapuma mwabefu ngati athamanga, ndipo m'kamwa mwawo munkatuluka fungo ngati la zipatso zoola. Kenako anandiitana ndi dzina la malemu Mayi, nandifunsa ngati ana abwera kusukulu. Apo sanathenso kukana. Woyendetsa takisi wa pakona paja anandithandiza kuwanyamula, mutu wawo uli pamiyendo panga njira yonse.

Ku chipatala sanatiike pabenchi. Namwino atangowabaya chala anaitana anzake, anawalowetsa, anawaika madiripi awiri. Ine anandisiya pakhonde ndili ndi nsapato zawo m'manja. Ndinakhala maola anayi ndikuyang'ana chitseko chimodzi.

Lolemba atatsitsimuka, dokotala anabwera ndi failo. Anali mtsikana wamng'ono kwa ine, koma mawu ake anali olimba.

"Mukanabwera Loweruka tikanakulemberani pepala n'kukupatsani mankhwala, mukanagona kwanu. Munatsala pang'ono kuwataya. Lachinayi ku kiliniki simunapite chifukwa chiyani? Amawasamalira ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Bambo ananditsogolera, mawu ali osasa.

"Ndine ndinakana, adokotala. Mwanayu anavala kale kuti tizipita, ine ndinati ndatopa. Mukalipireni nkhalambayi."

Dokotala anawakalipiradi, iwo akungogwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Ine bodza limenelo sindinalitsutse, achemwali. Ndinawalola. Atachoka dokotala ndinafuna kulankhula, iwo anati, "Tandikonzere pilo," n'kutseka maso. Mpaka lero sitinaikambe nkhaniyi. Dzulo mutawaimbira ndinawamva akukuuzani bodza lomwelo, inu mukuwadzudzula, ndipo ndinatuluka panja. Tsopano mwadziwa. Mukafuna kukalipa, kalipirani ine.

Akuti impso zawo zavutikako, aziyezanso pakatha milungu iwiri. Mankhwala tapatsidwa a mwezi umodzi, pepala latsopano ndalimata kuseri kwa chitseko cha kabati, deti ndalilemba ndi inki yofiira. Mayi wa ku famase uja ndinakamuuza kuti Bambo ali moyo, anagwira pamtima.

Zomwe mumatumiza zimafika ndipo timathokoza. Koma pempho langa lero ndi lina. Ngati kuntchito kwanu angakuloleni, bwerani ngakhale sabata imodzi. Muphunzire kuwabaya, mudziwe komwe kuli kiliniki, kuti padziko pano pakhale munthu wachiwiri wodziwa zimenezi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Bambo akuti ndikuuzeni kuti ali gwa ngati mwala, musawononge ulendo. Amenewo ndi mawu awo, ndawapereka monga anandituma. Anga ndi akuti atuluka Lachisanu, ndipo ndikuopa kukatsekula nawo chitseko cha nyumba ija ndili ndekha.

Ndine mng'ono wanu,
amene akudikira yankho lanu.