Rauta Yasamukira kwa Amayi

Lolemba, 6 Meyi

Kalata ina yondikana ntchito. Mwaulemu ngati zonse zija: andithokoza, asunga dzina langa. Mayina onsewa amawasunga kuti? Ndawerenga kawiri, kenako ndachapa makatani a pabalaza. Ntchito yosafuna digiri, koma ikatha imaoneka.

Pansi pavutanso, m'mashopu awiri amene Bambo anasiya. Kumanja Achimwene aakulu ndi makina awo a fotokope. Kumanzere Kamera, amene ndinamuponda pamutu, ndi situdiyo yake ya zithunzi. Khoma limodzi pakati, ife ndi Amayi m'mwamba. Loweruka Kamera akutumiza zithunzi za ukwati kwa kasitomala, Achimwene anazula waya wake wa intaneti kuti alumikize laputopu ya munthu wofuna kusindikiza. Akuti kanali kanthawi chabe. Zithunzi zinadukira panjira, kasitomala anatukwana mpaka msewu wonse unamva.

Kamera dzulo pakhonde: “Ndizipumira mphuno ya munthu wina m'nyumba ya bambo anga?” Wakaona kale shopu kutsidya kwa tauni. Mwini wake akufuna yankho mwezi uno usanathe.

Amayi sanadye bwino. Akuopa kuti akachoka mmodzi ndiye kuti banja lasweka. Kwa ine, ndikuchotsa mbale, anati: “Sukulu yonse ija, iwe, sungakonze waya mmodzi?”

Ndinati ndiona. 

Lachiwiri, 7 Meyi

Tsiku lonse chogwada, kutsata waya. Rauta, kabokosi kogawa intaneti, ili kuseri kwa fotokope ya Achimwene, fumbi lokhalokha, pamwamba pake chipewa chakale. Kuchokera apo waya alowa m'kaswichi, atulukira pabowo la khoma, afika kwa Kamera. Kumeneko kaswichi kena komata ndi selotepi. Kuchokera apo wina atuluka pawindo, akwera kwathu. Unyolo. Mbale wake wa netiweki zakale zija zimene kukoleji tinkazitcha “basi”: msewu umodzi, onse momwemo. Wakutsogolo akayetsemula, chimfine chimagwira wakumbuyo.

Palibe anaumanga dala. Bambo anaika waya woyamba, enawa ankangolumikiza pamene pafupika.

Madzulo ndajambula njira zina kuseri kwa kalendala. Mphete: aliyense agwira dzanja la mnzake uku ndi uku, uthenga n'kumazungulira. Ndi anthu awawa, ayi. Ukonde, aliyense kulumikizana ndi aliyense: wolimba zedi, koma ndi wa makampani, osati wa zipinda zitatu. Waifai yokha sikwanitsa, makoma a Bambo ndi okhuthala ngati a ndende. Kwatsala nyenyezi. Kabokosi kamodzi pakati, aliyense waya wakewake wochokera pamenepo. Wina akazula wake, wadzizimitsira yekha.

Papepala n'zophweka. Funso ndi limodzi: pakatipo pakhala kwa yani?

Ndasangalala pang'ono. Kalekale ndinagwiritsa ntchito mutu pa chinthu chogwirika.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndawafotokozera onse pabalaza.  Achimwene sanayang'ane n'komwe chojambula changa. “Rauta yakhala kwanga chiyambire. Lero isamuke chifukwa cha misozi ya munthu?” Kamera akuti ibwere kwake, zithunzi n'zolemera kuposa mapepala a ana asukulu. Achimwene: “Zolemera ndi milomo yakoyo.”

Ndinati, motsitsa kwambiri, waya wa kampani ya intaneti amatsika kuchokera padenga, amadutsa pakhonde lathu lino asanafike pansi. Ndiye pakati penipeni ndi pano, pa shelefu ya pabalaza. Palibe anamva. Ndinabwereza. Amayi ndiwo anamva.

“Mwamumva mwanayu. Ibwera kwanga. Wosafuna akagule yake.”

Kamera anangoseka m'mphuno: “Chabwino, a Injiniya. Tione digiri ikugwira ntchito.”

Akunditcha choncho chimalizire sukulu. Lero sizinandipweteke kwenikweni.

Ndagula bokosi la waya, timitu take ndi swichi yatsopano. Amayi anatulutsa ndalama za m'kachikwama kawo kobisa kaja. Ndikalephera, ndawadyera pachabe.

Loweruka, 11 Meyi

Manja akuwawa, tsitsi loyera ndi fumbi la simenti. Koma zatheka!

Kukoleji tinkamanga manetiweki a mizinda yathunthu, ena olumikiza mayiko, zonse pa kompyuta, kungokoka mzere ndi chala. Palibe anatiuza kulemera kwa diliro yoboolera khoma ukaigwira pamwamba pa mutu. Bowo loyamba lapendama. Alamu anga, akazi a Achimwene, akundigwirira makwerero: “Alamu, musagwe, ife tilibe injiniya wina.”

Kufinya timitu ta waya. Timawaya tisanu ndi titatu m'kati, katikonse ndi malo ake, olenji, wobiriwira, buluu, bulauni, ndi toyera tamizere pakatipakati. Pa mayeso ndinakhoza. Lero mutu woyamba wakana, wachiwiri wakananso. Ndinalowa kubafa, kusamba m'maso, kudzifunsa ngati amene amandikana ntchito aja sakuona zoona. Nditabwerera ndinapeza kuti kamodzi sikamafika kumapeto. Basi. Kudula bwino, kufinyanso, kuyaka.

Anyamata onse anathandiza, koma osalankhulana. Achimwene: “Umuuze mbale wakoyo andipatse hamala.” Kamera, ali pompo: “Uwauze hamala ili pamapazi awo.” Tsiku lonse waya ndinali ine.

Madzulo tinyali ta rauta titatu tobiriwira pa shelefu ya Amayi, pakati pa chithunzi cha Bambo ndi wailesi. Ndinakhala pansi n'kumangotiyang'ana. Chinthu chimene ndapanga ndekha ndi manja awa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Zonse zikuyenda. Ndinayesa pamaso pawo: kuzula waya wa Achimwene, kwa Kamera kuli bwinobwino. Kuzula wa Kamera, kwa Achimwene osagwedezeka. Kamera anatumiza zithunzi za maliro a munthu wina wamkulu mosadukiza, n'kundigulira chokoleti. Achimwene anangoti “Hmm.” Kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri.

M'mawa ndinapeza rauta itafunditsidwa kansalu koluka, kamaluwa. Amayi akuti imaoneka yamaliseche. Ndawauza kuti imatentha, imafuna mpweya. Tagwirizana: kansalu pansi, rauta pamwamba.

Kenako afunsa kuti kanyali kati ndi ka yani. Koyamba Achimwene, kachiwiri Kamera, kachitatu kathu. Tsopano amakhala pampando wawo akusoka, diso limodzi pa shelefu. “Wachiwiriyu akuphethira kwambiri, lero kuli makasitomala.” “Wamkuluyu wagona, kapena akuwerenga nyuzi.” Wailesi sakuiyatsanso.

Ndatumiza makalata ena awiri. Nthawi ino pa zimene ndinachitapo ndalembapo chinachake choona.

Lachisanu, 17 Meyi

Pansi pali bata. Bata lopitirira.

Alamu ndiwo ananena, tikuyanika zovala: “Poyamba ankakangana. Pano sakuonana n'komwe.”

Sindinaganizepo. Nthawi ya unyolo ija Kamera ankalowa kwa Achimwene kangapo patsiku, akukuwa kuti intaneti yathawa. Akaigwedeza rauta sankachoka msanga. Ankatsamira pa fotokope, kuwabera mtedza m'kabati, kukangana za mpira mpaka kasitomala amuitane. Tsopano alowerenji? Waya wake ndi wake. Amatsegula shopu, kutseka shopu, kudya yekha m'kati.

Mwini shopu ya kutsidya waimbanso. Ndinamva Kamera pa masitepe akuti akuganizabe.

Ndiye ndachita chiyani? Ndachotsa chowakanganitsa, pamodzi ndi chowakumanitsa. Aphunzitsi ankati vuto la nyenyezi ndi pakati, pakafa pamenepo onse afa. Sananene kuti akunsonga sakhudzana.

Amayi anandipeza nditangoti ndwii kukhitchini. Ndinawauza zonse, za pakati ndi za kunsonga zomwe. Anangoti, “Thira mchere m'ndiwomo,” n'kutuluka.

Mutu ukuwawa. Mwina ndikanangowagulira kaswichi kokulirapo, n'kusiya unyolo uli chomwecho.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndikulemba ndikuseka ndekha.

Masana, ndili kuchipinda, foni yanga yataya waifai. Nthawi yomweyo zitseko ziwiri pansi, mapazi pa masitepe ngati ng'ombe. Ndinaganiza: timitu tanga tija tafa, lero ndayaluka. Ndinathamangira pabalaza. Tinyali tonse tazima. Pulagi ya rauta ili pansi, m'soketi muli ayironi.

Amayi, nkhope yosalakwa: “Ndimafuna kusita. Kodi ndi chimenechi chimazimitsa?”

Chovala chositidwa panalibe. Ayironi yozizira, swichi ya pakhoma sanaiyatse n'komwe. Koma patebulo mbale zoyalidwa kale, mpunga ukufuka nthunzi, nkhuku.

Ndinabwezera pulagi. Rauta imatenga kanthawi kuti idzuke, ndinawauza choncho, ndipo n'zoona. Amayi: “Popeza mwakwera kale, khalani pansi. Muziidikira muli chiimire ngati apolisi?”

Anakhala. Poyamba kudandaula, aliyense payekha. Kenako anagwirizana, koyamba mwezi uno: wolakwa ndine. Achimwene akuti munthu wophunzira angaike bwanji mtima wa bizinesi pafupi ndi ayironi. Kamera: “Achimwene, ndinanena ine, digiri za masiku ano n'za pa foni.” Anawatchula Achimwene, pamaso, osadzera kwa ine. Iwo anaseka mpaka kutsamwa, Kamera n'kuwapatsira madzi.

Sindinakondwerepo chonchi ponyozedwa. Tinyali tinayaka kalekale, palibe anadzuka mpaka nkhuku itatha.

Lachinayi, 23 Meyi

Zachitikanso. Lero akuti amafuna kutchaja foni. Masoketi ali mbwee m'nyumba muno.

Achimwene anditengera pambali: ndigule kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko, makiyi ndisunge ine. Ndinayankha kuti rauta ikatsekeredwa imatentha, ndiyenera kuganiza kaye. Theka lake n'loona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako: “Ganiza pang'onopang'ono, usathamange.” Sindikudziwa ngati akudziwa. Ndikuganiza kuti akudziwa.

Komabe zinandivuta. Kuzula waya munthu ali pakati pa ntchito ndi chimene chinayambitsa zonsezi. Madzulo ndinawauza Amayi kuti tsiku lina adzadula zithunzi za Kamera, ndipo ulendo umenewo adzachokadi.

Anandiyang'ana ngati ndawanyoza. “Ukuyesa ndimangozula? Ndimayang'ana kaye. Wachiwiriyo akamaphethira mothamanga sindikhudza. Ndimadikira onse apume.”

Ine zaka zonse zija kukoleji, maphunziro a kayendedwe ka uthenga pa netiweki. Iwo masiku ochepa pampando, ndi singano m'manja. Tinaseka mpaka alamu anakwera kudzafunsa.

Lolemba, 27 Meyi

Mvula yowaza tsiku lonse. Makasitomala ochepa pansi. Ndakonza mawaya a pakhonde, kuwamanga bwino ndi timisomali kuti asalendewere. Palibe anandituma. Ndimangokonda kuwaona ali mowongoka.

Kampani ina yandiitana kuti tikacheze sabata ya mawa. Sindinauze aliyense kupatula Amayi. Mantha alipo, koma osati aja. Akandifunsa za kuipa kwa nyenyezi ndili ndi yankho la m'buku. Linalo ndisunga.

Za shopu ya kutsidya palibe akunena. Ndikuopa kufunsa.

Lachisanu, 31 Meyi

Mwezi watha lero. Ndinadzuka ndi fungo la penti. Kutsika, ndapeza Kamera watulutsa katundu yense pakhonde, akupaka khoma la situdiyo, loyera mbee. Munthu wosamuka sapaka penti.  Anangoloza ndi bulashi: “A Injiniya, tebulo ndikuliika kumbuyo uko. Waya wangayu mungamutalikitse?”

Ndamupangira watsopano. Mutu unagwira ulendo woyamba. Fotokope ya Achimwene nayo ili ndi madontho a penti pambali, sindikudziwa kuti afika bwanji kumeneko.

Tsopano masana. Ndili pabalaza, kope pamwendo. Kukhitchini mbale zikulira. Pa masitepe mapazi a anthu awiri, osathamanga, akukangana za chigoli cha dzulo, wina akuti chinali, wina akuti wosewera anali ataima kale kutsogolo. Ndasuzumira pa shelefu. Tinyali tonse titatu tikuyaka, pulagi ili m'malo mwake. Amayi sanazule kanthu.

Akundiitana kuti ndikatenge mpando wina kuchipinda, alamu nawo akukwera