Fumbi la Ubweya M'chifuwa cha Alamu Anu

Lilongwe, 9 Ogasiti 1976

Achimwene a Benedicto,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko, inu ndi alamu anga Naphiri ndi ana. Kuno ana akudzuka. Amene sakudzuka bwino ndi amuna anga a Goliati, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Ndinu munakawatenga kumudzi ku Nathenje, n'kuwalowetsa ntchito yopuntha ubweya wa nkhosa m'shedi yoluka makapeti ya ku Old Town ija, inu muli kapitawo. Munkati boma likuchoka ku Zomba, mabwana a ku Capital Hill sangaponde simenti, choncho ntchito sidzatha. Apo munanena zoona. Ntchito ikadalipo, watha ndi munthu.

Zaka zinayi akhala akuweruka ali mbuu, ubweya m'mphuno ndi m'makutu momwe. Anzawo atapempha kuti mawindo azitsekulidwa munakana, mwati mphepo imwaza katundu wa bwana. Atamanga mipango kukamwa munawaseka kuti akuchita ulesi. Inuyo munkakhala panja pa mpando, malaya ali mbee, mpaka anakukwezani n'kukutumizani ku Limbe.

Lero a Goliati sangachoke pakhomo kukafika pa mpopi osapumira panjira. Chifuwa chimalira ngati mluzu. Adokotala anawayeza TB koma sanaipeze. Atamva ntchito imene amagwira anati fumbi limenelo lawononga mapapo, asadzapondemonso m'shedimo.

Ine ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Area 9. Pabalaza pali kapeti yochokera ku shedi yanu yomweyo. Adona amati ndizikaikuntha kuseri, kutali ndi ana awo, poti fumbi lake limawatsokomoletsa. Mayi amene sanaoneko nkhosa ikumetedwa akudziwa zimenezi, koma kapitawo wa sukulu yake ayi.

Ndiye sabata yatha kunafika kalata yanu. Za odwala munalibe ngakhale mzere umodzi. Munangoikamo chikalata choti mlongo wanu wamng'ono Alinesi akapereke kwa bwana wa shedi, alowe pamalo pa alamu anu. Manyazi munawasiya kuti, achimwene?

Chikalatacho Alinesi sanachione. Ndinachiwerenga kawiri, kenako ndinayatsira mbaula. Ndakuuzani ndekha kuti musakavutitse a positi.

Pempho langa ndi limodzi. A Goliati amakufunsanibe. Dzulo, akupuma movutika, anandiuza kuti, "Usawade achimwene ako, sankadziwa." Bwerani mudzakhale pafupi ndi mphasa yawo, mudzawauze ndi pakamwa panu ngati n'zoona kuti simunkadziwa. Basi yochokera kumeneko imafika kuno tsiku ndi tsiku. Ngati kutsokomola kwa munthu kumakunyansani, khalani konko, koma m'bale wathu aliyense musadzamupezerenso ntchito.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, iwo sanandilakwire. Mulungu akusungeni, pamodzi ndi mapapo anu abwinowo.

Ndine mlongo wanu,
Marcelina